Mafunso ndi mayankho: momwe timasankhira mafilimu a zochitikadi onena za luso lamakono, tsogolo, maphunziro ndi nthawi

Kamodzi pa mwezi timabwereka holo, timapachika nsalu yoyera pakhoma, n'kuonetsa filimu. Si mafilimu a nkhondo kapena achikondi ayi. Ndi mafilimu a zinthu zochitikadi, aja ambirife timangowatchula kuti documentary, ndipo onse amazungulira pa mitu inayi: luso lamakono, tsogolo, maphunziro ndi nthawi. Wosankha ndine. Anthu akamatuluka amandiimitsa pakhomo ndi mafunso, ena amatumiza pa WhatsApp usiku womwewo, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa chifukwa nkhani yake si yodula pakati.

Kodi filimu ya zochitikadi imasiyana bwanji ndi filimu ya sewero?

Chitsanzo chapafupi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi zida za njinga. Nkhani yake ili m'mafilimu awiri. The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, yokonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor, ndi sewero: anthu amene mukuwaona ndi akatswiri a zisudzo, ndipo mawu awo anachita kulembedwa. William and the Windmill, ya 2013, yokonzedwa ndi Ben Nabors, mukuona William mwiniwake.

Chimene chimandikoka n'chakuti sewero lija limathera pamene makina ayamba kuzungulira, pomwe filimu ya Nabors nkhani yake yaikulu ndi zimene zinadza pambuyo pake: kutchuka atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, sukulu ku Johannesburg, ulendo wa ku Dartmouth College ku America, ndi mtolo wa ziyembekezo za abale ndi alendo umene mnyamata mmodzi anausenza. Sewero limakupatsani chimwemwe. Filimu inayo imakufunsani kuti munthu akatchuka mwadzidzidzi, amatsala ndi chiyani chakechake.

Koma musaganize kuti kamera sinama. Mu Nanook of the North, ya 1922, Robert Flaherty anapempha mlenje wa mtundu wa Inuit kuti asake ndi mkondo, chikhalirecho munthuyo ankasaka ndi mfuti. Wokonza filimu amasankha pomwe aloze kamera, chimene adule ndi nyimbo imene aike. Choncho filimu ya zochitikadi ndi umboni wa munthu mmodzi, ndipo mboni imafunsidwa mafunso.

Bwanji osangotipatsa mndandanda, tizikaonera tokha pa foni?

Mndandanda ndikhoza kukupatsani, koma kusankha sikuthera pa mndandanda. Pa intaneti pali mafilimu ochuluka kuposa amene munthu angaonere moyo wake wonse, ndipo makina a YouTube kapena Netflix amakubweretserani zofanana ndi zimene mwaonera kale. Mukaonera filimu yoopseza za maloboti lero, mawa mupeza ena khumi oopseza akukudikirani. Ine ndimafunafuna filimu imene itsutsane ndi ya mwezi watha.

Filimu iliyonse imene yafika pansalu, pamakhala ena angapo amene ndawaonera n'kuwasiya. Imene ndaikonda ndimaionera kawiri. Koyamba ndimakhala ndekha ndi kope. Kachiwiri ndimaitana munthu amene sakonda mafilimu otere, ndipo akayamba kusuzumira foni yake ndimalemba mphindi imeneyo. Kenaka pamabwera nkhani ya ndondomeko, kuti iti iyambe, iti itsatire. Kafilimu ka mphindi zochepa kakaikidwa patsogolo pa filimu yaitali kamagwira ntchito ya woyambitsa nyimbo pa kwaya: kamapereka liwu limene onse atsatire.

Kunja kuno ntchitoyi ili ndi eni ake. Chikondwerero cha IDFA ku Amsterdam, chimene chinayamba mu 1988, ndi cha Encounters ku South Africa, chimene chinayamba mu 1999, zili ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuonera ndi kusankha basi. Ife tikuchita zomwezo, kungoti holo yathu ndi yaing'ono.

N'chifukwa chiyani mitu inayiyi mwaiika pamodzi?

Chifukwa ndikamasankha ndimapeza kuti siilekana. Chipangizo chilichonse chatsopano chimabwera ndi lonjezo la tsogolo, chimafuna kuti wina aphunzire kuchigwiritsa ntchito, ndipo pakapita nthawi chimakalamba. Amene munagwirapo foni ya mabatani, kaseti ya wailesi kapena taipi mukudziwa. Filimu imene ikungotamanda chipangizo imakalamba pamodzi ndi chipangizocho. N'chifukwa chake funso langa loyamba pa filimu iliyonse ndi ili: makina a m'filimuyi akadzatha ntchito, m'filimumu mudzatsala chiyani? Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndimaisiya, ngakhale zithunzi zake zikongole bwanji.

Tipatseni chitsanzo cha filimu imene yakhoza mayeso amenewo.

AlphaGo, ya 2017, yokonzedwa ndi Greg Kohs. Go ndi masewera akale kwambiri ochokera ku China, oseweredwa ndi timiyala takuda ndi toyera pa bolodi la mizere 19 chotsika ndi 19 chopingasa. Mu March 2016, ku Seoul, katswiri wa ku South Korea, Lee Sedol, anasewera maulendo asanu ndi pulogalamu ya kompyuta ya kampani ya DeepMind. Kompyuta inapambana kanayi, Lee kamodzi.

Pulogalamu imeneyo inapitidwa kale ndi ina yamphamvu kuposa iyo, ndipo masiku ano tikamakamba za AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, timakamba zina. Koma filimuyi sinakalambe, chifukwa kamera inakhala pankhope ya munthu. M'masewera achiwiri, pa kaponyedwe ka nambala 37, kompyuta inaika kamwala pamalo pamene akatswiri owulutsa masewerawo anayamba aganiza kuti yalakwitsa. Lee anali atatuluka pang'ono. Mukumuona akubwerera, akukhala pansi, akuyang'ana bolodi kwa mphindi zoposa khumi. Palibe mawu amene angafotokoze bwino kuposa nkhope ija. Atagonja kachitatu anapepesa pamaso pa atolankhani, ngati kuti wakhumudwitsa mtundu wonse wa anthu. Ndiyeno m'masewera achinayi, pa kaponyedwe ka 78, iyenso anaika kamwala pamene kompyuta sinkayembekezera, kompyuta n'kusokonezeka, iye n'kupambana. Mu 2019 Lee anasiya kusewera Go ngati ntchito.

Titaonetsa filimuyi, anthu amene anayankhula kwambiri sanali achinyamata a makompyuta. Anali madoda osewera bawo. Iwo anamva msanga tanthauzo la kusewera ndi mdani amene sungamuwerenge m'maso, amene satuluka thukuta, amene sungamusokoneze ndi nthabwala. M'modzi anafunsa kuti, kodi munthu amene ankaika timiyala m'malo mwa kompyuta uja, mumtima mwake ankafuna apambane ndani? Funso limenelo ine sindinaliganizirepo, ngakhale ndinali nditaionera kangapo.

Nanga mafilimu aja ochenjeza kuti mafoni ndi intaneti zikutiononga, mumawaonetsa?

Ena, koma ndimasamala. The Social Dilemma, ya 2020, anthu ambiri amaipempha, ndipo ili ndi mfundo zoona zokhudza momwe Facebook ndi anzake amapangira ndalama pokusungani maso pa foni. Chimene chimandivuta n'chakuti oyankhula ambiri ndi anthu omwewo amene anapanga zinthuzi ku California, tsopano akulapa, ndipo pakati pake anaikamo sewero la banja longopeka kuti mantha akule. Munthu amatuluka ali ndi mantha koma alibe pogwira.

Coded Bias, ya Shalini Kantayya, yotuluka chaka chomwecho, ndimaiika patsogolo. Imayamba ndi Joy Buolamwini, wa makolo ochokera ku Ghana, akuphunzira ku yunivesite ya MIT ku America. Pulogalamu yozindikira nkhope sinkaona nkhope yake yakuda, mpaka atavala chigoba choyera ndi pamene inazindikira kuti pali munthu. Iye sanangodandaula. Anayeza. Kafukufuku amene anachita ndi Timnit Gebru, wotuluka mu 2018, anapeza kuti mapulogalamu ena a makampani akuluakulu ankalakwitsa mpaka 34.7 pa 100 iliyonse pa nkhope za amayi akuda, pomwe pa nkhope za abambo oyera kulakwitsa sikunapitirire 0.8 pa 100. Filimuyi imakutengeraninso kwa anthu ochita lendi ku Brooklyn amene anakana kuti mwini nyumba aike makamera otere pakhomo. Mukuona vuto, mukuona muyeso wake, mukuonanso anthu wamba akulimbana nalo. Kwa ife amene nkhope ndi zala zathu zikujambulidwa pa chiphaso, ku banki ndi pa chipata cha dziko, nkhaniyi si yakutali.

Tsogolo silinachitike. Ndiye filimu ya zochitikadi ingakambe bwanji za tsogolo?

Paja akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Kamera singajambule mawa, koma ikhoza kujambula anthu amene lero akugwira ntchito imene mapeto ake sadzawaona. Mafilimu a tsogolo amene ndimawakhulupirira ndi amenewo, osati aja odzaza ndi zithunzi zojambula pa kompyuta za mizinda youluka.

Woposa onse kwa ine ndi Into Eternity, ya 2010, yokonzedwa ndi Michael Madsen wa ku Denmark. Ku Finland, pa chilumba cha Olkiluoto, akhala akukumba dzenje lotchedwa Onkalo kuyambira mu 2004, lakuya mamita oposa 400 m'thanthwe. M'menemo mudzakwiriridwa zinyalala za nyukiliya zochokera ku malo awo opangira magetsi, ndipo ziyenera kukhala zosakhudzidwa kwa zaka 100,000. Taganizani, mapiramidi a ku Egypt sanakwanitse n'komwe zaka 5,000.

Kukumba si vuto lalikulu m'filimuyi. Vuto ndi uthenga. Madsen amafunsa akatswiri, m'modzim'modzi, kuti anthu a m'tsogolo adzadziwa bwanji kuti pano sipokumba. Tiike chikwangwani? M'chilankhulo chanji, poti palibe chilankhulo cha lero chimene chingadzamveke pa nthawi imeneyo? Tijambule chithunzi choopsa? Nanga chithunzicho sichidzawapangitsa kuganiza kuti pabisidwa chuma, monga momwe anthu anafukulira manda a mafumu a ku Egypt? Ena mwa akatswiriwo amati bola pakwiriridwe, nkhalango imere, paiwalike. Mukuona anthu ophunzira kwambiri akukhala chete pamaso pa kamera, akusowa choyankha, ndipo wokonza filimu sanadule kukhala chete kumeneko.

Titamaliza kuonera, bambo wina wachikulire anakweza dzanja. Anati kwawo mitengo ya kumanda saidula, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti msitu umenewo salowamo wamba, chikhalirecho palibe chikwangwani. Chimene chimateteza malowo ndi mwambo, ndipo mwambo umakhalapo malinga ngati pali mudzi woukumbukira. Anthu anakambirana mfundo imeneyi mpaka woyang'anira holo anabwera ndi makiyi.

Usiku womwewo ndimakonda kuphatikizapo nkhani ya Voyager, imene ili mu The Farthest, ya 2017, yokonzedwa ndi Emer Reynolds wa ku Ireland. Zombo ziwiri za m'mlengalenga za Voyager zinanyamuka mu 1977, chilichonse chitanyamula chimbale chokutidwa ndi golide, chokonzedwa ndi gulu lotsogoleredwa ndi Carl Sagan. M'chimbalemo muli nyimbo, zithunzi ndi moni wa m'zilankhulo 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja: liwu likufunsa anthu a maiko a kumwamba kuti ali bwanji. Moniyo amapezeka pa intaneti, ndipo timauseweretsa pa sipika filimu isanayambe. Mu 2012 Voyager 1 inatuluka m'dera limene mphepo ya dzuwa, tinthu ting'onoting'ono touluka kuchokera ku dzuwa, imafika. Onkalo ndi uthenga wakuti musabwere kuno, Voyager ndi uthenga wakuti tili kuno. Kuika mafilimu awiriwa moyandikana ndiye ntchito imene ndimaitcha kusankha.

Mukati filimu ya nthawi mukutanthauza chiyani? Za mawotchi?

Ayi, ndikutanthauza filimu imene nthawi ikuoneka ndi maso. Mu 1964 wailesi yakanema ya Granada ku Britain inasankha ana 14 a zaka 7, ena a m'mabanja olemera, ena osauka, n'kuwafunsa zimene akufuna kudzakhala. Filimuyo inatchedwa Seven Up! Michael Apted, amene anathandiza kusankha anawo, anapitiriza kuwayendera zaka 7 zilizonse mpaka 63 Up mu 2019. Kufika pamenepo anali mafilimu 9. Apted anamwalira mu January 2021.

Mwana amene ankafuna kukhala wokwera mahatchi a mpikisano anadzakhala dalaivala wa takisi ku London. Mwana wamanyazi wa ku famu ya ku Yorkshire anadzakhala pulofesa ku America. Wina, amene pa zaka 7 anali wansangala kuposa onse, pa zaka 28 mukumupeza alibe pokhala penipeni, akuyendayenda ku Scotland, kenaka patapita zaka akudzakhala khansala. Palibe wolemba sewero akanalimba mtima kulemba zimenezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa wodekhayo anadekha zaka 55.

Ndimaonetsanso cholakwika chake, chifukwa mwa ana 14 aja atsikana anali anayi okha. Okonza ake mu 1964 ankaganiza kuti tsogolo la Britain lili m'manja mwa anyamata. Maso a wojambula nawonso amakalamba, ndipo oonera ayenera kuona zimenezo.

Ina yamtundu wina ndi Dawson City: Frozen Time, ya 2016, ya Bill Morrison. Mu 1978, m'tauni ya Dawson ku Canada, okumba anafukula mipukutu 533 ya mafilimu akale imene inakwiriridwa m'dziwe losambira lakale mu 1929. Tauniyo inali kumapeto kwa ulendo wa mafilimu, ndipo eni ake sankafuna kulipira mtengo wowabweza. Nthaka youndana ndi chisanu ndi imene inawasunga. Pamene pafupifupi 70 pa 100 ya mafilimu aatali opanda mawu a ku America anatheratu, amenewa anapulumuka chifukwa chotayidwa. Ikatha ndimafunsa oonera kuti zithunzi za ukwati wa makolo awo zili kuti, nanga zawo, zimene zili m'foni, zidzakhala kuti foniyo ikafa.

Mafilimu a maphunziro ndi aja ophunzitsa sayansi ndi masamu?

Alipo otero, ndipo wabwino mwa iwo ndi waufupi zedi. Powers of Ten, ya Charles ndi Ray Eames, ya 1977, ndi ya mphindi 9. Imayamba ndi anthu awiri akupuma pa kapinga ku Chicago. Masekondi khumi aliwonse kamera imatalikira kakhumi, mpaka dziko, dzuwa ndi mlalang'amba wathu zonse zasanduka kadontho. Kenaka imabwerera, n'kulowa m'dzanja la bambo wagona pa kapingayo mpaka m'kati mwa atomu. Mwana wa Fomu 2 amene akuvutika ndi manambala okhala ndi kanambala kena pamwamba amatuluka atamva.

Koma mafilimu amene ndimawafuna kwambiri ndi oonetsa munthu akuphunzira. Être et avoir, ya Nicolas Philibert, ya 2002, inajambulidwa pa sukulu ya chipinda chimodzi ku Auvergne, ku midzi ya ku France, kumene mphunzitsi m'modzi, Georges Lopez, ankaphunzitsa ana oposa khumi pang'ono, aang'ono ndi okulirapo m'kalasi limodzi. Palibe wofotokoza, palibe ziwerengero. Mukungoona mwana akulimbana ndi kulemba nambala, mphunzitsi akudikira osamulanda pensulo. Aphunzitsi athu, amene ena amaima pamaso pa ana oposa 100, akaionera amayamba ndi kupukusa mutu, koma kenaka amakamba za kudikira kuja, ndi momwe kungathekere ngakhale kwa mwana m'modzi pa tsiku. Ndimawauzanso kuti filimuyi itatchuka, mphunzitsiyo anakasuma kukhoti kufuna gawo la phindu, ndipo khoti linamukanira. Funso lakuti filimu ndi ya ndani, wojambula kapena wojambulidwa, limayenera kufunsidwa.

Pali chifukwa china chimene ndimasamalira mawu akuti filimu yophunzitsa. Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inapanga mafilimu 35 n'kumawaonetsa pa galimoto ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Mafilimu awo ankaphunzitsa za kusunga ndalama ku positi ofesi, msonkho, ukhondo ndi ulimi, kawirikawiri poyerekeza munthu wanzeru womvera malangizo ndi munthu wopusa wokakamira zakale. Agogo athu ankaonetsedwa mafilimu ngati anthu oti auzidwe zochita. Ine sindifuna kukhala galimoto ija. Filimu ikakhala kuti yankho ilinalo kale ndipo ikungofuna tivomere, siilowa m'holo mwathu.

Ambiri mwa mafilimuwa ali m'Chingerezi, ena m'Chifalansa. Osamva zilankhulozi atani?

Ili ndi vuto lathu lalikulu, ndipo sitinalithetse. Anyamata amene amamasulira mafilimu a nkhondo m'Chichewa, aja timawamva m'mavidiyo shoo, ali ndi luso lenileni, ndipo anatsegulira mafilimu anthu miyandamiyanda. Koma luso lawo ndi lothira mchere, kuwonjezera nthabwala ndi mayina. Pa sewero palibe cholakwika. Pa filimu ya zochitikadi, kuika mawu m'kamwa mwa munthu weniweni amene sanawanene ndi kumunamizira.

Ndiye timachita izi. Filimu isanayambe ndimafotokoza m'Chichewa anthu amene tiwaone ndi funso limene filimu ikufunsa, osaulula mathero. Pakati timaimitsa kawiri kapena katatu pamalo amene ndinasankhiratu, wina n'kufotokoza mwachidule zimene zanenedwa. Osawerenga msanga mawu a m'munsi timawakhazika pafupi ndi womasulira wonong'ona.

Timaikanso mafilimu osadalira mawu. Man with a Movie Camera, ya Dziga Vertov, ya 1929, imaonetsa moyo wa m'mizinda ya Soviet Union kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo mkazi wake Elizaveta Svilova, amene analumikiza zithunzizo, amaoneka m'filimumo ali pa ntchito yake. Koyaanisqatsi, ya Godfrey Reggio, ya 1982, ili ndi zithunzi ndi nyimbo za Philip Glass basi: mitambo ikuthamanga, magalimoto a mumzinda akuyenda ngati linthumbwi. Masiku amenewo agogo ndi mdzukulu amaonera mofanana.

Mumawapeza kuti, nanga n'zololedwa kuonetsa gulu?

Kulipira bandulo kapena akaunti kumakupatsani ufulu woonera pakhomo panu. Kuonetsa gulu ndi nkhani ina, ngakhale pakhomo musalipiritse. Ku Malawi za umwini wa ntchito zaluso zili m'lamulo la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene mungalifunse. Njira yowongoka ndi kulembera kalata amene amagawa filimuyo, kuwauza malo, tsiku, kuchuluka kwa anthu ndi kuti simulipiritsa. Okonza mafilimu ang'onoang'ono ambiri amasangalala kumva kuti ntchito yawo ionetsedwa kudera limene sanaliganizirepo.

Palinso zitseko zotsegula kale. The Internet's Own Boy, ya 2014, yonena za Aaron Swartz amene ankamenyera kuti zolemba za kafukufuku zifikire aliyense ndipo anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 26, inatulutsidwa ndi chilolezo cha Creative Commons, cholola anthu kuigawana mwaulere. DeepMind inaika AlphaGo pa YouTube mwaulere mu 2020. Netflix imalola ena mwa mafilimu ake a zochitikadi kuonetsedwa pa zamaphunziro popanda kulipiritsa, malinga mwawerenga malamulo a filimuyo. AfriDocs imaonetsa ulere mafilimu a zochitikadi kwa oonera a mu Africa, ndipo kumeneko ndi kumene ndimayambira ndikafuna mawu a kuno kwathu.

Pamafunika zipangizo zanji?

Laputopu, pulojekita, nsalu yoyera yokoka bwino, ndi sipika. Ngati ndalama zili zochepa, ziikeni pa sipika. Anthu amapirira chithunzi chozilala koma mawu osamveka sawapirira. Filimu ikhale m'kompyuta kapena pa fulashi tsiku lisanafike, musadalire netiweki ya m'holo. Konzekeraninso kuti magetsi akhoza kuzima: batire la sola kapena jenereta, ndipo jeneretayo ikhale patali ndi zenera. Yesani zonse masana, pa malo omwewo.

Bwanji mumaumirira kuti tikhale n'kukambirana filimu ikatha?

Chifukwa mfundo ya msitu wa kumanda ija, ndi funso la woika timiyala lija, sizinali m'filimu. Zinachokera m'holo. Ndimasiya mphindi 30 kapena 40, ndipo posankha filimu ndimawerengera nthawi imeneyi. Filimu ya maola awiri ndi theka, ngakhale ikhale yabwino, ndimaigawa masiku awiri kuti anthu asathamangire minibasi yomaliza asanayankhule.

Magetsi akayaka sindifunsa kuti mwaikonda. Ndimafunsa kuti ndi chithunzi chiti chimene chakutsalirani m'maso. Funso limeneli aliyense akhoza kuyankha, wophunzira ndi wosaphunzira. Ndimayamba ndi akumbuyo, ndipo amene ali ndi digiri ya nkhaniyo ndimawapempha ayankhule pomaliza, chifukwa akayamba iwo ena onse amatseka pakamwa.

Ana tingabwere nawo?

Masiku ena inde, ndipo timalengeza pasadakhale. Powers of Ten ndi The Farthest n'zoyenera ana a sukulu. Filimu ya Aaron Swartz ili ndi nkhani ya kudzipha, choncho ndi ya akuluakulu ndi achinyamata okhwima, ndipo timanena zimenezi isanayambe.

Ndikufuna kuyambitsa zoterezi kwathu. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi chaka chonse. Konzani masiku atatu okha. Tsiku loyamba ikani Powers of Ten, kenaka William and the Windmill, kuti anthu aone nkhope ndi malo amene akuwadziwa. Tsiku lachiwiri AlphaGo, ndipo muitane osewera bawo a pamsika, muwasungire mipando yakutsogolo. Tsiku lachitatu Into Eternity, yotsogozedwa ndi moni wa Chinyanja wa pa Voyager.

Filimu iliyonse muionere nokha mpaka kumapeto musanaionetse, ngakhale ine ndaiyamikira, chifukwa anthu anu mukuwadziwa ndi inu. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, filimu, kuchuluka kwa anthu, mphindi imene ena anayamba kutuluka, ndi mafunso onse amene anafunsidwa. Filimu ya tsiku lachinayi mudzaisankha kuchokera m'mafunso amenewo.